NTHENDA YA KUIWALA, NDI M'MENE IPEZERA AKAZI NDI AMUNA

Mau amene anawerengedwa pa msonkhano wa pa caka wa Bungwe, kwa Nazombe, m'boma la Phalombe.



Nkhani ya lero ikhudza nthenda imene anthu ambiri a kuno anaiona ndi maso ao, ngakhale sanamvepo dzina lace. Madotolo amati dementia. M'cinenero ca kuno mulibe liu limodzi loimira nthendayi, ndipo anthu angoti, "Agogo abwerera ku ubwana," kapena, "Mutu wao sukuyenda bwino." Munthu ayamba ndi kuiwala zinthu za posacedwa, monga kumene waika khasu, kapena ngati wadya kale. Pambuyo pace aiwala maina a adzukulu, asokera pa njira ya ku citsime imene waiyenda zaka 50, ndipo potsiriza sakhoza kudzisambitsa kapena kudzidyetsa. Ukalamba pa wokha sucita zimenezi, pakuti ziripo nkhalamba zambiri za zaka 90 zimene zikumbukira malire a minda yonse ya m'mudzi. Iyi ndi nthenda ya m'ubongo, monga cifuwa cacikulu ciri nthenda ya m'mapapo.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2021 odwala nthendayi anali 57 miliyoni, ndipo oposa 60 pa 100 ali onse anali m'maiko osalemera. Mtundu wace umene ucurukitsa ndi wa Alzheimer, dzina la dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer. M'caka ca 1901 anamtengera ku cipatala ca ku Frankfurt mai wa zaka 51, dzina lace Auguste Deter. Maiyu anayamba ndi kucitira mwamuna wace nsanje yopanda cifukwa, nabisa zinthu m'nyumba, naiwala kaphikidwe ka cakudya. Atamwalira m'caka ca 1906, dotoloyo anayang'ana ubongo wace pa makina okulitsa zinthu, napeza timibulu ndi tiulusi topiringizika timene tinaononga ubongowo. Tsono wodwala woyamba kulembedwa m'mabuku a nthendayi anali munthu wamkazi. Koma panapita zaka zambiri anthu ophunzira asanafunse ngati nthendayi igwira akazi ndi amuna cimodzimodzi.

Yankho lace ndi lakuti siitero. Ku America, mwa anthu atatu ali onse odwala nthenda ya Alzheimer, awiri ndi akazi. A WHO anapezanso kuti mwa anthu 100 omwalira ndi dementia pa dziko lonse, 65 ndi akazi. Cifukwa coyamba ndi cosabvuta kumva: nthendayi ikonda zaka zocuruka, ndipo akazi akhala ndi moyo zaka zambiri koposa amuna, kuno ku Malawi monganso kwina konse. Ali yense amene anayimapo pa mzere wa Mtukula Pakhomo adziwa kuti nkhalamba zambiri pamenepo zibvala mipango.

Koma zaka si cifukwa cokha. Pali kanthu kena kamene munthu atengera kwa makolo ace m'magazi, dzina lace APOE4, kamene kaonjezera ngozi ya nthendayi, ndipo ofufuza anapeza kuti pa zaka zina za ukalamba kaononga akazi koposa amuna. Palinso nkhani ya kuleka kusamba. Mkazi akafika msinkhu umenewo, estrogen, cinthu ca m'thupi cimene cithandizanso ubongo, cicepa msanga. Madotolo ambiri anaganiza kuti akapatsa akazi acikulire mankhwala obwezera estrogen adzawateteza, koma kafukufuku wamkulu wa ku America anaonetsa m'caka ca 2003 kuti akazi a zaka 65 ndi kupitirira amene anamwa estrogen pamodzi ndi progestin anadwala dementia kawiri kuposa anzao amene sanamwe. Anthu anzeru anali atalakwa, ndipo cinawaonetsa kulakwako ndico kuyesa pa akazi eni ace.

Kuyesa kotere kunacedwa kuyamba. M'caka ca 1977 Boma la America linalangiza kuti akazi a msinkhu wobala asalowetsedwe m'mayeso oyamba a mankhwala atsopano, poopa kuononga ana m'mimba. Lamulo lakuti akazi azilowa nao m'kafukufuku wolipiridwa ndi Boma linadza m'caka ca 1993, ndipo kufikira 2016 ofufuza ambiri anali kuyesa mankhwala pa mbewa zazimuna zokha, osafunsidwa cifukwa. Ngakhale mankhwala atsopano a lecanemab, amene America inawabvomera m'caka ca 2023, zotsatira za mayeso ace zinaoneka ngati anathandiza amuna koposa akazi, ngakhale mayesowo sanakonzedwe kuti atsimikize mfundo imeneyi. Mankhwala amenewa ndi a mtengo woti Bungwe lino silingaulote, ndiponso sacotsa nthenda, angoicedwetsa pang'ono.

Amuna nao asadziyese opulumuka. Mtundu wina wa dementia udza cifukwa ca mitsempha ya magazi ya m'ubongo imene yatsekeka kapena kuphulika, makamaka mwa anthu a nthenda ya kuthamanga kwa magazi ndi amene anadwalapo kufa ziwalo. Wina, wa Lewy, umene munthu aona anthu ndi nyama zimene palibe, upezeka kwambiri mwa amuna. Kacasu, fodya, ndi kubvulala m'mutu pa ngozi za njinga zamoto ndizo njira zimene amuna a kuno aitanira nthendayi pakhomo pao.

Pafupi-fupi zonse zanenedwazi zinapezeka poyesa Azungu. Pamene ofufuza anayerekeza Ayoruba a mu mzinda wa Ibadan, ku Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis, ku America, m'nchito imene inayamba m'caka ca 1992, anapeza kuti a ku Ibadan sadwala nthendayi kwambiri monga anzao a kutsidya kwa nyanja, ndiponso kuti APOE4 iribe mphamvu yomweyo pakati pao. Kufupi ndi kuno, m'boma la Hai, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lipoti la m'caka ca 2013 linati mwa anthu 100 a zaka 70 ndi kupitirira, 6 kapena 7 anali ndi nthendayi. Hai ndi dziko la alimi a m'midzi monga Phalombe, ndipo boma lino, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 400,000, silingakhale lopanda odwala ace.

Tsono pali bvuto la kayesedwe. Mayeso amene madotolo a maiko ambiri agwiritsa nchito analembedwa ku America m'caka ca 1975. Wodwala afunsidwa tsiku la mwezi ndi caka, auzidwa kucotsa 7 pa 100 nabwereza-bwereza, kulemba ciganizo, ndi kujambula cithunzi ndi pensulo. Mai amene anabadwa kwa Nazombe m'caka ca 1950 anali ndi zaka 44 pamene sukulu yaulere inayamba m'caka ca 1994. Pa ubwana wace, ndarama ya sukulu ikapezeka inali kupita kwa mlongo wace wamwamuna. Mai wotere adzalephera mayeso aja ngakhale mutu wace uli bwino ndithu, angakhale adziwa kuwerengera mbumba yace yonse kufikira mibadwo inai. Kumaiko a anthu ophunzira bvuto litembenuka: akazi aposa amuna pa kukumbukira mau, kotero kuti apambana mayeso nthenda itayamba kale, ndipo adziwika mocedwa. Ku Hai ofufuza anakonza mayeso ena a anthu osadziwa kulemba, dzina lace IDEA, m'mene munthu anena maina a nyama zimene adziwa, akumbukira mau owerengeka, nayala timitengo ta macesi monga waonetsedwa.

Kusaphunzirako sikungosokoneza mayeso kokha. Gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi nyuzi ya madotolo ya The Lancet linalemba m'caka ca 2024 zinthu 14 zimene zionjezera ngozi ya nthendayi, linati zonsezi zitapewedwa, odwala 45 pa 100 ali onse akadapulumuka kapena kudwala mocedwa. Kusapita ku sukulu kuli m'gulu limenelo, pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi, suga, kugontha, khungu losaciritsidwa, cisoni cosatha, kukhala wekha, ndi mpweya woipa. Ofuna kudziwa amene apuma utsi wa nkhuni m'khicini katatu pa tsiku kwa zaka 60 sasowa kupita ku London kukafunsa.

Apa nkhani ifike pa bwalo la mudzi, pakuti pamenepo ndipo kusiyana kwa mkazi ndi mwamuna kufika popha munthu.

Pakhale nkhalamba ziwiri m'mudzi umodzi m'tsinde mwa Michesi, zonse zodwala nthenda imodzi. Nthendayi ikula dzuwa likamalowa: wodwala atekeseka, afuna "kupita kwao" ali pakhomo pace pomwe, ndipo usiku aturuka. Nthawi zina abvula, poiwala nchito ya zobvala. Bambo wacikulire akapezeka m'mamawa pakhomo pa eni, anthu amseka pang'ono, nati dzulo analawa, kapena nati ukalamba wafika, namperekeza kwao. Mai wacikulire akapezeka pakhomo lomwelo, wosabvala, wa pfumbi m'miyendo, wosadziwa kumene acokera, liu lipita mudzi wonse dzuwa lisanakwere, lakuti mfiti yagwa pa licero. Khamu lisonkhana. Amfunsa ngati anadza kudzatamba, ndipo iye, pocita mantha ndi posamva funso, abvomera, cifukwa munthu wodwala nthendayi abvomera ciri conse cimene afunsidwa mokalipa. Amfunsa anzace ndani, ndipo anena maina amene atsala m'mutu mwace, a mai wace ndi acemwali ace amene anamwalira kale. Anthu ati, "Mwamva, ayenda ndi akufa."

Kuno kwa Alhomwe kuli cinthu cinanso coonjezera. Nthendayi ifafaniza zimene munthu anaphunzira pambuyo, nisiya za pa ubwana. Mai amene wakhala zaka 50 alikulankhula Cicewa akhoza kubwerera ku Cilhomwe ca agogo ace amene anaoloka kucokera ku Mozambique, ndipo adzukulu ace amene sanaciphunzire amva ngati alikunena mau a matsenga. Iye alikungopempha madzi.

Ziri zoona kuti amuna okalamba nao anamiziridwa ufiti, ndipo ena aphedwa. M'mwezi wa January 2016, m'boma la Neno, nkhalamba zinai za banja limodzi zinaphedwa ndi khamu pambuyo pakuti mphezi inapha mtsikana. Koma mai wamasiye, wokhala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, ndiye ali pafupi koposa ndi mlandu wotere. Ndipo pa mwambo wa cikamwini munda uli m'dzina la maiyo. Pamene minda yacepa monga yacepera m'Phalombe, pakhala anthu ena amene sadandaula kwambiri agogo akathamangitsidwa. Si mlandu uli wonse wa ufiti umene uli ndi munda pansi pace, koma mfumu yanzeru iyamba yafunsa amene adzalima mundawo caka camawa.

A membala akumbukire kuti lamulo la ufiti la m'caka ca 1911 liletsa kuloza munthu cala kuti ndi mfiti, ndipo wolozayo ndiye akhoza kulowa m'ndende. M'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo loteteza anthu okalamba. Koma lamulo liri ku Lilongwe, ndipo apolisi ali kutali ndi bwalo pamene khamu lasonkhana m'banda kuca. Wopulumutsa maiyo ndi munthu mmodzi wa m'mudzimo, wodziwika, amene adzaturuka ndi citenje, namfunda, nanena mokweza kuti awa ndi agogo a uje, alikudwala.

Cikamwini comweco ciri ndi mbali yace yowawa kwa mwamuna. Bambo akayamba kuiwala, mkazi wace amsunga, ndipo kawiri-kawiri abisa nthendayo zaka zambiri, namuyankhira mafunso pamaso pa alendo. Mkaziyo akatsogola kumwalira, bamboyo atsala mlendo pa mudzi wa eni, ndipo mwambo uti abwerere kwao. Kwaoko anacokako ali mnyamata. Mwina zaka zina anathera ku migodi ya ku Joni pa Wenela, kapena ku Salisbury, ndipo alongo ace amene akadamlandira anapita kale. Atsala ndi adzukulu amene samdziwa bwino. Kwa munthu wa nthendayi kusamuka ndi cinthu coopsya, cifukwa cimene cimgwiriziza ndico kuzolowera: khomo lomwelo, mtengo womwewo, mpando womwewo. Mabanja amene anasamutsa nkhalamba zao kupita ku misasa ya m'masukulu pa namondwe wa Freddy, m'mwezi wa March 2023, adziwa m'mene kusamuka kusokonezera munthu wokalamba. Ankhoswe akamakamba zobweza bambo wotere kwao, ayambe aganiza ngati adzafikako ali munthu yemweyo.

Yatsala nkhani ya osamalira, imene iyenera kukhudza Bungwe lino koposa zonse. A WHO ati mwa maora 100 ali onse amene anthu a pa dziko lapansi athera posamalira odwala dementia, 70 agwiridwa ndi akazi. Kuno ciwerengero cimeneco sicingadabwitse munthu. Ana amuna ali ku cikamwini m'midzi yina, kapena ku Blantyre, kapena ku Johannesburg kumene atumiza ndarama pa foni pamene nchito yapezeka. Mkamwini wa pakhomopo sangathe kulowa m'nyumba ya apongozi ace, ndipo mwana wamwamuna sasambitsa mai wace. Tsono zonse zigwera mwana wamkazi: kusambitsa, kucapa zofunda m'mamawa uli wonse, kudyetsa ndi dzanja, kugona pakhomo kuti agogo asaturuke. Nthendayi siifulumira. Ikhoza kukhala zaka 5, 8, kapena 10. M'zaka zimenezo munda wa maiyo ucepa, geni yace ya ku msika wa Chiringa iima, ndipo akatopa, mwana amene acotsedwa ku sukulu kuti alonde agogo ndi mtsikana. Mtsikanayo adzafika pa zaka 70 ali wosaphunzira monga agogo acewo.

Ndiponso osamalira ambiri ndi okalamba eni ace. Edzi inatenga mbadwo wa pakati m'midzi yambiri ya ku Mulanje ndi Phalombe mankhwala aulere a ARV asanayambe m'caka ca 2004, ndipo agogo akazi ndiwo analera ana amasiye. Alipo lero agogo amene analera adzukulu asanu, ndipo pamene iwo eni ayamba kuiwala, palibe mwana wao wotsala. Alipo ena amene asamalira mwamuna wodwala iwonso ali ndi zizindikiro zoyamba, ndipo palibe wozindikira, cifukwa nsima iri kufikabe pa mphasa.

Bambo wamasiye ali ndi bvuto lace-lace: mwana wace wamkazi acita manyazi kumsambitsa, ndipo mwambo umletsa. Nchito imeneyi ndi ya amuna, ndipo pamene amuna aikana bamboyo angokhala wosasamba.

Si kuiwala kuli konse kumene kuli dementia, ndipo ici ndi cifukwa cacikulu cotengera nkhalamba ku cipatala. Munthu wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, kawiri-kawiri cimene cacitika ndi malungo, cibayo, nthenda ya m'cikhodzodzo, kapena suga, ndipo izi ziciritsika. Cisoni cosatha ca mai amene waika mwamuna ndi ana cioneka ngati kuiwala. Momwemonso kugontha, nthenda ya cithokomiro, cindoko cakale, ndi kacirombo ka HIV kamene kafika m'ubongo mwa munthu wosamwa mankhwala. Dotolo akhoza kusiyanitsa zimenezi. Alangizi a za umoyo a m'midzi ndiwo khomo loyamba, ndipo iwo atumiza ku cipatala caciang'ono, kapena ku Holy Family, kapena ku cipatala ca boma. Cipatala ca ku Zomba ca odwala misala ciripo pa milandu yobvuta, koma wodwala dementia wambiri safuna kutsekeredwa. Afuna kukhala pakhomo pace ndi anthu osamkalipira. Akafunsa za mai wace amene anamwalira m'nthawi ya Federation, sikuthandiza kumuuza kakhumi pa tsiku kuti anafa, pakuti nthawi iri yonse alira maliro atsopano. Kuli bwino kumfunsa kuti maiwo anali kuphika ndiwo zanji.

Bungwe lino liri ndi thumba la maliro, ndipo ligwira nchito yace bwino: bokosi lipezeka, ufa upezeka, adzukulu okumba manda adya. Komiti iganizire ngati gawo lina la thumbalo silingagule sopo, mphasa ya pulasitiki ndi zofunda za membala amene ali moyo koma wafika pa kudziipitsira. Iganizirenso kulemba m'buku, mudzi ndi mudzi, maina a nkhalamba zimene zayamba kusokera, ndi kupereka mainawo kwa anyakwawa nthenda isanakule, kuti tsiku limene mai wapezeka pakhomo pa eni, mfumu ikhale inadziwa kale. Pa msonkhano uli wonse wa Bungwe mlangizi wa za umoyo aitanidwe ndi makina ace oyesera kuthamanga kwa magazi, ndipo ayese amuna ndi akazi a zaka 40 ndi kupitirira, makamaka amai amene magazi anawathamangapo ali ndi pakati, popeza ofufuza a ku Denmark anaonetsa m'caka ca 2018 kuti amai otere ali pa ngozi yaikulu ya dementia ya mitsempha pa ukalamba wao.

Ndipo pali pempho limodzi kwa abambo a Bungwe, losafuna ndarama. Mlembi atsegule tsamba m'buku lace, ndipo amuna amene alola kupereka tsiku limodzi pa mwezi alembetse maina ao msonkhano usanatsekedwe: ena kukasambitsa ndi kumeta abambo amasiye, ena kukakhala pa khonde ndi agogo kuyambira m'mawa kufikira masana, kuti mwana wao wamkazi apite ku munda, kapena ku cigayo, kapena angogona tulo.